Usiku wa ku Oulu

Kunja chipale chofewa chakwirira njinga ya Pirkko.
Mkati ma seva akupuma mpweya wotentha m'miyendo.
Nkhokwe ya deta ikuyankha ngati munthu wodzutsidwa pakati pa tulo:
ukafunsa dzina limodzi la wodwala,
masekondi asanu ndi anayi.

Veikko akuti tigule pulosesa yamphamvu.
Pirkko ali duu. Watsamiritsa khutu pa chitsulo,
akumva madisiki akale akuzungulira ngati nguli,
kasingano kakusakasaka, khe khe khe,
uku pulosesa ili manja lende.

"Wophika si waulesi," akutero,
"nkhuni ndi zimene zikuchokera kutali."

Ndalama za chipatala n'zowerengeka.
Akulemba kuseri kwa lisiti la khofi:
madisiki anayi osazungulira, awiriawiri,
imodzi ikafa inzake itsale ndi zonse;
memore yowonjezera, zofunsidwa kawirikawiri
zikhale pafupi ngati mchere.
Za zaka khumi zapitazo zikagone pa otsika mtengo.

Veikko akuwonkhetsa, akukanda ndevu.
Fili koloko. Khofi wazizira.
Pansi penipeni Pirkko wawonjezera mzere:
disiki yachisanu, yongokhala m'kabati,
poti ya chaka chatha ija inafa Lamlungu.