Diso Limodzi

Tinatsika matola pa Chowe,
dalaivala akuthira madzi mu injini yofuka nthunzi.
Ajibu patsogolo, ine pambuyo,
m'khosi mwanga magalasi oonera patali a malemu bambo,
aja diso lakumanzere linachita ng'ala.

M'misuku munali pumbwa yekha,
kulongolola ngati kondakitala.
Nkhulukulu tinangoimva,
phiko lofiira ng'ani! basi yapita.
Mawondo anayamba kundifunsa zaka.

Kenako mitengo inangotha.
Udzu, udzu wokhawokha,
mphepo yochokera ku Namwera ikuupesa chammbali,
Malombe ali pansi uko
ngati chivindikiro chimene wina wataya.

Chinziri chinabuka paphazi panga, phururu!
Dzanja linathamangira m'thumba lakumbuyo
mmene munkagona legeni
zaka makumi anayi zapitazo.
Linapeza pensulo.

Ajibu anaseka mpaka kukhala pansi.
"Malume, lembanitu, chisanakuiwaleni."

Sindinalembe.
Ndinatsinzina diso limodzi monga ankachitira bambo,
nkuyang'ana pamene chagwera.
Udzu unagwedera kawiri, nkukhala chete.
Tinakhalabe pomwepo
mpaka chisanu chinalowa m'malaya,
chinangwa chathu nyerere zitayamba kale kugawana.