Tsamba Lamafuta

Ndalemba ina yatsopano.
Kulemba sikunandivute ayi,
chovuta n'kupeza maso.

Lolemba ndinamata tsamba pakhoma la depoti,
pakati pa sing'anga wobweza okondedwa
ndi chidziwitso cha mbuzi yosowa.
Mbuziyo inapezeka Lachitatu.

Ndinapatsa Twaibu wa kabaza masamba khumi,
ndinati, aliyense wokwera umpatse limodzi
mukamawoloka mlatho.
Iye akuti asanu ndi awiri
inawerenga ndi mphepo ya pa Shire.

Mwana wosalira amafera mu mbereko, ndikudziwa,
koma mawu anga ndi aang'ono,
sangapikisane ndi oitanira minibasi za ku Liwonde.

Dzulo Asiyatu wogulitsa mandasi
anandiimitsa kuseri kwa mzikiti,
m'manja muli tsamba langa, lowala ndi mafuta,
long'ambidwa pakati.
"Kodi mwamuna uja anabwerako ku Joni?
Theka linalo ndinakulungira kasitomala
ndisanamalize."

Ndinangoti kukamwa yasa.

Mawa ndimupititsira masamba makumi atatu.
Akulungire ndithu,
mawu apite m'makomo ali otentha,
koma ayambe wawerenga.