Masipika a ku Tsoka

Ndinawapeza ku Tsoka, tsidya la mlatho wa matabwa,
pakati pa nsimbi zopanda zingwe ndi nsapato zosowa zinzake.
Mabokosi awiri akuda, ofika m'mawondo,
lina lobenthuka ngodya ngati dzino la wandewu.
Zondiwe anati, "Awa anali a bwana wina ku Eliya Teni,
ankagwedeza nawo mpanda."
Ndinati, "Nanga lero akugwedeza chiyani?"
Tinanenerera mpaka dzuwa kufika paliwombo,
anandisiyira pa mtengo wa thumba la makala.

Pa kabaza ndinawafungatira ngati mapasa
mpaka ku Kawale.
Nankhoma anawayang'ana, n'kuyang'ana ine,
n'kubwerera ku zochapa zake.

A Kaliwo okonza mawailesi ku Mchesi
atatchula mtengo ndinamva chizungulire.
Ndinati zikomo, ndibweranso,
mmene timanenera tikadziwa kuti sitibweranso.

Loweruka ndinayala chiguduli pakhonde.
Chomasulira ndinalibe, mpeni wobuntha kunsonga unakwana.
Nditatsegula, mphemvu zinamwazika
ngati ana a sukulu belu loweruka likalira.
Khoswe anasiyamo chisa ndi makoko a mtedza.
Mphira wozungulira kukamwa kwa sipika
unangonyenyeka m'zala ngati chigumu cha dzana.

Ndinapempha chubu chakutha kwa mnyamata womata matayala,
ndinavundikirapo mbale, kuzunguliza choko,
n'kudula ndi sizasi ya Nankhoma
iye ali ku kwaya.
Mkombero woyamba unapotoka.
Wachiwiri unang'ambika, ndinatukwana chamumtima.
Wachitatu ndinaupala ndi lezala pang'onopang'ono
mpaka unapyapyala ngati khoko la anyezi.
Guluu wa nsapato, zopanira zovala khumi ndi ziwiri,
kenako kudikira.
Kudikirako ndiko kunandivuta.

Pamene pepala linang'ambika ndinaikapo kachigamba
kochokera m'thumba la jekete langa laukwati,
silindikwananso.
Waya woduka ndinaulumikiza ndi msomali wowotcha pa mbaula
poti magetsi anali atapita tambala asanalire.
Chipsera chake ndi ichi, pachala chamkombaphala.

Sigele, mwana wanga, anagwira batire la tochi.
Ndinati, "Gunditsa apa."
Thu!
Pepala lija linatukumuka ngati chifuwa cha wokomoka
akamuthira madzi.
Sigele anaponya batire, liwiro la kuseri kwa chitseko:
"Adadi, chapuma!"

Magetsi anabwera cha m'ma naini.
Ndinalumikiza ku wailesi imene amalume anasiya posamuka,
ndinapotoza, kupotozanso.
Nyimbo sitinaipeze msanga.
Tinapeza bambo wina akulengeza mitengo ya soya,
koma mawu ake, abale,
anadzaza chipinda mpaka m'malata,
supuni inanjenjemera m'kapu.
Sindinamvepo soya akutchulidwa mwaulemu chotero.

Lakumanja likuimba ngati linagulidwa dzulo.
Lakumanzere lili ndi kachifuwa:
ng'oma ikatsika kwambiri limalira
ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo la Sobo.
A Kaliwo akuti koyilo ikukhula, pafunika yatsopano.
Mwina kutha kwa mwezi.
Mwina tikathana ndi fizi, ndi lendi, ndi ngongole ya kugolosale.
Pakali pano ndaligoneka chammbali pa njerwa,
likatero limakhosomola pang'ono,
ndipo khutu layamba kulizolowera
monga tinazolowerera sitima ya mkonono wa aneba.

Usiku uja gitala itayamba
Nankhoma anaima pakhomo la kuchipinda,
sizasi m'manja.
"Mwaibunthitsa," anatero. "Mwayesa sindidziwa?
Ndipo zovala zanga mawa ndiyanika ndi chiyani?"
Ndinakanda kumutu, kusakasaka bodza logwira.
Phazi lake linali litayamba kale kugunda simenti.
Anakhala pamkono wa mpando, sizasi ikadali m'manja,
n'kuti,
"Takwezani pang'ono."