Khutu la Arivazhagan

Magetsi ayaka, tatuluka tikuphethira
ngati anthu odzutsidwa loto lili pakati.
Leveni koloko yadutsa, koma Madurai sanagone,
ndipo Kathiresan wayamba kale kukuwa
tisanafike n'komwe pa benchi ya tiyi.

"Mwaona mmene walowera?
Phazi kaye, kenaka lamba, kenaka masharubu!
Zigawenga khumi ndi ziwiri pansi,
malaya ake osakwinyika ngakhale pang'ono!"
Mawu asasa ndi malikhweru.
M'mawa uja anakwera makwerero
kukathira mkaka pa chithunzi cha katswiri wakeyo,
mkaka umene mkazi wake anasungira ana.

Ponni akuchotsa maluwa ofota m'tsitsi.
"Ameneyo wakalamba,
amupaka utoto mpaka m'makutu.
Mtsikana amamuvinira pamvula uja
akhoza kukhala mdzukulu wake.
Ine tikiti yanga ndalipirira mayi uja
amene sanagwetse msozi pamaliro,
n'kudzalira patatha masabata atatu
atapeza sopo wa mwamuna wake
ali chiumire pawindo la bafa."

Onse akundiyang'ana tsopano.
Ine ndine telala, maso anga ndi amwano:
thumba la malaya a wapolisi linasokedwa mokhota
ndipo landisowetsa mtendere maola atatu.
Koma zimenezo ndazimeza.
Ndikuti, wanga ndi uja wobweretsa kalata.

Palibe akumukumbukira.

Anaima pakhomo, kalata m'manja,
akudziwa zomwe zili m'katimo.
Anavula nsapato ngakhale sanamuuze kuti alowe,
n'kumeza malovu kamodzi. Basi.
Dzina lake silili pa chikwangwani.
Chaka chachisanu ndi chimodzi chino ndikumusaka
m'makona a kanema aliyense:
anali mlonda, anali woperekera chakudya paukwati,
kamodzi anali mtembo pa machira,
ndipo ngakhale pamenepo ndinamukhulupirira.

Kathiresan waseka mpaka kutsamwa.
"Dziko lonse lili ndi akatswiri,
iwe wasankha mtembo!"

Arivazhagan sanalankhulepo chifikire ife.
Akukhuthula tiyi kuchokera m'mwamba,
chikho ichi kupita chikho icho,
chingwe cha tiyi chotalika ngati mkono,
osataya ngakhale dontho.
"Ndili mnyamata ndinapita ku Chennai," akutero,
maso ali pa thovu.
"Miyezi isanu ndi inayi pachipata,
ndikugona pa makatoni, ndikupesa tsitsi m'mawa uliwonse.
Tsiku lina anatola anthu makumi anayi
oti adzaze siteshoni ya sitima.
Anandipatsa sutikesi yopanda kanthu.
Mayi anga anakaonera kasanu,
ulendo uliwonse ndi mnansi wina.
Chinkaoneka ndi khutu langa
ndi kachidutswa ka phewa."

Njinga yamoto yadutsa, galu waitsatira pang'ono n'kubwerera.

"Khutu liti?" akufunsa Ponni.

Watembenuza mutu pansi pa babu.
"Ili."

Tikuliyang'ana tonse atatu.
Khutu wamba, lakuda, la tsitsi loyera m'mphepete,
kapensulo kolembera ngongole zathu kali pamwamba pake.
Kathiresan waika zala ziwiri m'kamwa
koma mawu anatha kale, kwatuluka mphepo yokha.
Arivazhagan wagwada pang'ono, dzanja pachifuwa,
kenaka n'kutikumbutsa
kuti tiyi wa Lachiwiri sitinalipire.

Basi yomaliza yatulukira, yopendekera kumanzere.
Tathamanga, zikho tasiya theka.
M'katimo mkangano wayambiranso,
Kathiresan akuwerenga zigawenga pa zala,
Ponni akuti zinali zisanu ndi zitatu zokha.
Ine ndaima pafupi ndi chitseko,
ndikuyang'ana kondakitala mmene akunyambitira chala
asanang'ambe tikiti,
mmene akuyasamulira osatsegula pakamwa,
ndipo ndaiwala kulandira chenji.