Mizere ya Phulusa ku Khombedza

Tinayamba kuijambula kuseri kwa kalendala ya chaka chatha,
Ezelina ndi ine, pensulo imodzi,
katoni ya sopo ndiyo inkatiwongolera mizere.
Iye ati balaza likule, amvano asamathere pakhonde.
Ine ndati sitolo ya mpunga iyambe ndiyo,
poti mpungawo ndiwo udzagule malata.
Pepala linabooka pomwe tinkafufuta khitchini kachitatu.

Loweruka a Jawadu anabwera pa njinga
ndi tepi, chingwe cha khonje, zikhomo m'jumbo.
Anagwada, anafinya dothi m'manja, nati:
awa ndi makande, achimwene.
Chilimwe amayasamula, dzinja amafufuma,
khoma lopanda waya pansi limang'ambika ngati chitenje chakale.
Maziko okha akudyerani matumba makumi atatu.
Ndinayang'ana Ezelina.
Ezelina anayang'ana mtengo wa msangu.

Tinathira phulusa potsata chingwe
ndipo nyumba inaoneka, chigonere pansi, yoyera.
Velonika analowa m'chipinda chake podumpha khoma.
Amake anamukalipira: tuluka, ukalowere pakhomo!
Anatulukadi, anazungulira, anagogoda mphepo,
tonse tinati lowani.

Usiku kope linatsegulidwa.
Simenti yakwera kawiri chikololereni.
Njerwa tiumba tokha, koma nkhuni zootchera n'zogula.
Mchenga ngolo zisanu ndi zitatu,
mafelemu a mawindo akuluakulu,
poti kutentha kwa kuno sikugoneka munthu mu Okutobala,
mapulanga, misomali, miyala, ndiwo za amisiri.
Ndinawonkhetsa kuchokera pamwamba, samu inakana.
Ndinayambira pansi, inakananso.
Ya banki m'khonde, ya mbuzi zinayi,
ya mpunga umene sunafesedwe n'komwe,
yonse inathera pa lintala.
Nyumba inatsala chiimire padzuwa, yopanda chipewa.

Chipinda chimodzi chichoke, ndinatero.
Palibe anafunsa kuti chiti.
Tonse tinkachidziwa cha kum'mawa chija,
mamita atatu uku, atatu uku,
cha Fanuwelo, amene anapita ku Joni ndi chikwama chobwereka
zaka zinayi zapitazo,
amene nambala yake imangoti yesaninso nthawi ina.

M'mamawa ndinazemba kupita kupuloti
kuti ndikafufute mzerewo ndi phazi iye asanadzuke.
Ndinamupeza atafika kale,
mame m'miyendo, zikhomo ziwiri m'manja.
Wazula. Wakankha khoma mita imodzi ndi theka.
Balaza lake lija langotsala lokwana mipando inayi ndi katebulo,
sitolo yanga waidula pakati osandipempha.
Amvano azikhala pansi pa msangu, anatero,
mthunzi sanaudandaulepo.
Mpunga wina uzigona kunsi kwa bedi.
Cha kum'mawacho timanga mpaka pamwamba,
chitseko tiyika,
denga lake lidikire mwini wake.

Sindinayankhe.
Ndinagwira nsonga ya chingwe, iye anakoka,
ndinakhoma chikhomo ndi mwala, ndinadziphwanya chala.
Phulusa linatithera pa ngodya yomaliza,
Velonika anathamangira kwa aneba kukapala lina,
lidakali lofunda.
Nkhuku zinafika, zinayendera zipinda zonse osaodira,
imodzi inasamba fumbi pomwe padzakhale bedi lathu.

Lolemba a Jawadu anayezanso, tepi kukamwa,
anawerenga ndi zala, anabwereza.
Mwapulumutsa matumba asanu ndi limodzi, anatero,
malata akwana, kupatula uko.
Koma chipinda chopanda denga chimamwa mvula,
chaka chachitatu chidzayamba kudya khoma la anzake.
Tamva, anatero Ezelina. Lembani, bambo a Velonika.

Ndinalemba.
Pansi pa mzere womaliza, pomwe pensulo inkatha mphamvu,
anandiuza ndiwonjezere chinthu chimodzi
chomwe sichinali m'bajeti:
loko wa chitseko cha kum'mawa,
makiyi awiri.