Osa-

Atate ankalemba zikwangwani ku Kamwala,
burashi kukamwa, makwerero obwereka,
chitini cha penti yofiira chikulendewera pa msomali.
Ankati: mawu onse akafuula, palibe amene wamva.
Sankha limodzi, ulipatse mnofu,
enawo ayende pambuyo ngati operekeza mkwatibwi.

Ine khoma langa ndi zenera lakuda
m'kachipinda ka lendi ku Kalingalinga,
lopanda chithunzi, lopanda podina,
kamzere kokha kophethira pakona
ngati mlonda amene tulo tamukana.

Malangizo a pulogalamu amandifika ali maliseche:
nyenyezi ziwiri uku, ziwiri uko,
timipanda kutsogolo kwa mitu,
timadontho topendama tozinga malamulo.
Ntchito yanga n'kuwaveka.
Mutu ndimaunenepetsa.
Lamulo loti munthu atayipe ndimalikankhira mkati pang'ono,
lobiriwira ngati repu wa pamsika wa Soweto mbandakucha.
Chenjezo ndimalipaka penti ya atate.
Tebulo lokha linandidyera masiku atatu,
mizati yake ikupendekeka
ngati mpanda wa malata pamphepo ya Ogasiti.

Magetsi akathima, batire limandikongoza theka la ola.
Ndimawerenga ndi chala pagalasi:
zilembo makumi asanu ndi atatu,
mzere uthyoke, wina uyambe.

Lachinayi anaimba foni a Nkhuwa,
osunga kaundula wa mankhwala m'sitolo ina ku Chilenje,
amene kompyuta yawo inaika maliro a makompyuta ambiri.
"Zelipa, mawu ako andimezera katundu wa mwezi wonse."

Minibasi ziwiri, fumbi m'mano,
kondakitala akundiiwalitsa dala chenji.

Zenera lawo linali lopapatiza kuposa langa,
ndipo mitundu silinkaidziwa.
Pamene ndinapaka kufiira panali nyerere,
manambala ndi tingowe tosamveka mutu wake.
Kumapeto kwa mzere, kumphepete kwenikweni,
kunaima tilembo titatu tokhatokha ngati ana otsalira basi:

osa-

ndipo pansi pake, poyera, pamalo aulemu:

fufuta fayilo ya katundu.

Iwo anamvera.
Ndi munthu womvera malangizo,
zaka makumi awiri sanasowetsepo ngakhale m'bulu umodzi.

Sanandikalipire. Ndikanakonda akanatero.
Anandikokera mpando,
natulutsa pansi pa kauntala kope lachikuto chothetheka
limene ine ndinawauza chaka chatha kuti alitaye.
Iwo akuwerenga, ine ndikutayipa,
mankhwala a chifuwa, a malungo, mabandeji, thonje,
mpaka amayi ogulitsa chimanga chootcha panja
anazimitsa mbaula n'kupita.

Usiku umenewo ndinaiphunzitsa pulogalamu mwambo wa mlendo.
Usanalowe, odi.
Funsa zenera: ndiwe wotambalala bwanji?
Kufiira umakuona?
Likati ayi, vula zokongola zonse, usachite manyazi,
chenjezo linene ndi zilembo zikuluzikulu basi.
Ndipo liwu usalidule pakati.
Likapanda kukwana, litsike lonse,
mutu, mimba ndi mchira,
mzere ukhale ndi gwelu, palibe kanthu.

Ndinayesa pa zenera la zilembo makumi anayi.
Ndinayesa pa la makumi awiri,
mawu akutsika limodzilimodzi ngati anthu pamlatho wa thabwa.
Osafufuta anatsika wathunthu.

Loweruka ndinadzera ku Kamwala kukagula waya wa chaja.
Khoma lina la atate likadalipo kuseri kwa masitolo a nsalu,
penti yasuluka koma dzanja ndi lawo,
mchira wa Y wopindika monga ankaupindira.
Wina anamangapo kantemba ka matimati
n'kuphimba zilembo zitatu zoyamba.
Tsopano khomalo likuti: TAYA ZINYALALA PANO.

Mulu wake wafika m'chiuno.

Ndinaseka mpaka mwini kantemba anandifunsa ngati ndikugula.
Ndinagula a makwacha khumi,
n'kuimabe pomwepo, jumbo m'manja,
ndikuyeza ndi maso
ngati pamwamba pa denga lake
pangakwane tilembo titatu.