Giya Yoyamba

"Usaikakamize," ankatero a Sakala,
dzanja lawo lili pamwamba pa langa.
"Mvetsera injini. Ikayamba kubuula
ponda kilatchi mpaka pansi,
giya ilowa yokha."

Ine ndinkangoikukutitsa mano.
Pikiapu inazima pa hampu ku Kalingalinga,
matumba a anyezi kumbuyo gwedegwede,
maminibasi a ku Mtendere akundilalatira ndi mahutala.

"Phazi lamanzere lizichoka pang'onopang'ono,
ngati ukutsika pabedi
mwana atangogona."

Lero ndinapita ndekha ku Soweto.
Pampando wawo patsala chipewa chokha.
Pamaloboti a ku Kabwata
ndinakumva kunjenjemera kuja pansi pa phazi,
pomwe kilatchi imagwirira.
Ndinadikira. Ndinamasula.
Galimoto inanyamuka osatsokomola.

Ndinatsala pang'ono kucheukira kumanzere.